Nkhuku ya Agiriki ku Partick

Mwana wanga wamkazi ndiye anandiuza za chikondwerero cha Agiriki. Mwana ndili naye mmodzi yekhayo. Tinali m'khitchini mu fulati yathu ku Govanhill, kuno ku dziko la Azungu, ine ndikusita yunifomu ya ku nyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito, iye atatsamira fuliji akuseweretsa makiyi.

"Adadi, Loweruka muli ofu eti?"

Mwana ameneyu akayamba Chichewa ndiye kuti pali chimene akufuna. Masiku onse amandiyankha m'Chingerezi cha kuno chomeza mawu chija, choti ngakhale ine amene ndakalambira mumzinda uno ndimachita kumuuza kuti abwereze.

"Ndili ofu. Bwanji?"

"Kuli festivo ya Agiriki ku Partick. Zakudya, magule. Tiyeni tipite. Simutuluka inu, mwangosanduka mpando wa m'nyumba muno."

Sindine chitsiru. Ndinkadziwa kuti pali mnyamata wa Chigiriki amene ankamuperekeza. Ndinakumanapo naye kamodzi pa masitepe, mnyamata wamtali wa ndevu zometa bwino, wogwira ntchito ya magetsi. Anandipatsa dzanja n'kunditchula dzina langa loyamba ngati tinkaweta limodzi mbuzi. Dzanjalo ndinangoliyang'ana mpaka analibweza m'thumba. Tsiku limenelo ndinamuuza mwana wanga kuti ngati nkhaniyi ili yeniyeni, pali njira yake. Mnyamatayo apeze ankhoswe, ife tiuze amalume ake kumudzi, anthu akambirane. Iye anati eya, eya, adadi, maso ali pa foni.

Ndiye ndinamufunsa mosabisa. "Ku festivoko kuli zoti ndikaonane ndi anthu?"

"Kuli zakudya, adadi."

Ndinavomera.

Kuti zimene ndinachita kumeneko zimveke, ndiyambe ndanena za mayi ake. Mkazi wanga anali namwino pa chipatala china mumzinda muno. Anamwalira nthawi ya mliri ija, ndege zitaima, malire atatsekedwa. Panalibe njira yotumizira thupi kumudzi. Tinamuika konkuno, kumanda a kum'mwera kwa mzinda, anthu ochepa chabe titatalikirana ngati odana, abusa atavala masiki. Abale ake ku Dedza ankaonera pa foni imene mayi wina wa ku tchalitchi anagwirizira m'mwamba, netiweki ikudukaduka. Mwambo utatha mlamu wanga, mchimwene wake wamkulu wa malemuyo, anandiimbira. Sanandipepese. Anati, "Alamu, mlongo wathu mwamukwirira nokha. Chabwino. Koma kumbukirani kuti mwana mwatsala nayeyo ndi mbumba yathu. Musadzatichitenso zomwezi."

Ndinafuna kuiponya pa khoma foni ija. Mkwiyo ndili nawo, aliyense amadziwa, ku ntchito anandiitanirapo mu ofesi. Koma mawu aja ndinawameza, chifukwa munthuyo sananame. Ife ndi Achewa. Mwana ndi wa kuchikazi, mwini wake ndi malume. Ine pa banja paja ndine mkamwini basi, ngakhale ndinachapa matewera a mwanayo ndi manja anga ndi kumudikirira pa geti ya sukulu m'chipale chofewa. Ndinalumbira mumtima kuti ukwati wa mwana ameneyu sudzamangidwa popanda amalume ake. Munthu sanganditukwane kawiri pa chinthu chimodzi.

Loweruka lija kunali kamvula kosatha ka kuno kaja, koti sikanyowetsa msanga koma ukafika kumene ukupita wazizidwa mpaka m'mafupa. Tinakwera basi mpaka m'tauni, kenako kasitima ka pansi pa nthaka mpaka ku Partick, n'kukwera kamtunda wapansi. Mwana wanga anavala diresi yobiriwira imene inali ya mayi ake. Ndinaizindikira pomwepo.

Chikondwererocho chinali pa bwalo la tchalitchi chawo ndi mu holo yapambali. Anamanga timatenti toyera, madzi akudontha m'mphepete. Utsi wa nyama unkamveka tisanafike n'komwe pa geti. Amuna onenepa a maepuloni ankatembenuza nyama yosomeka pa timitengo, ena nkhosa yathunthu pa chitsulo, akukalipirana m'chinenero chawo ngati ndewu, koma akuseka. Panali mpunga wokulunga m'masamba a mphesa, zitumbuwa za masamba ndi tchizi, maolivi m'mabeseni. Mu holo wina ankaimba chigitala cha khosi lalitali, ana atavala masiketi oyera akuvina mozungulira atagwirana m'mapewa. Wansembe wawo wa ndevu zofika pachifuwa ankayendayenda ndi mkanjo wakuda, mbale ya pepala ili m'manja.

Ndisaname, poyamba ndinasangalala. Anthu aja ndi aphokoso ngati ife. Salankhula monong'ona ngati eni dziko lino. Chikhalireni cha maliro aja ndinali ndisanakhalepo pa gulu la anthu oseka mokweza.

Mwana wanga anati akapeze anzake, ndimudikire. Ndinaima pa tenti ina pamene mayi wina wamfupi, wa tsitsi la imvi lomanga kumbuyo, ankakazinga timipira ta ufa m'mafuta n'kumatithira uchi. Ndinamuuza m'Chingerezi kuti amenewa ndi mandasi, mwaba kwathu.

"Taba kwanu?" anatero mayiyo, chipande chili m'mwamba. "Agogo anga ankakazinga zimenezi dziko lanu lisanabadwe."

"Athu ndi aakulu. Awa ndi a ana."

"Idyani kaye, mulankhule pambuyo."

Ndinadya kambale konse nditaima pomwepo, uchi ukutsikira m'zala. Anandiwonjezera ena osafunsa. Ankandiyang'anitsitsa kwinaku akumwetulira, ine n'kumati ndi mmene amachitira ndi aliyense. Iye ankandidziwa. Amene sankadziwa kanthu pa bwalo lonse lija ndinali ine ndekha.

Mwana wanga anabwera n'kundigwira mkono. "Tiyeni mkati, kuli malo okhala."

Mu holo anthu ankadyera pa matebulo opanda nsalu, mbale za pepala, mafoloko a pulasitiki. Koma pakona panali tebulo limodzi loyala nsalu yoyera, mbale zadothi, matambula a galasi, maluwa pakati. Mnyamata uja anaimirira pamenepo atavala jekete. Pambali pake panali bambo wa mimba yaikulu ndi ndevu za pamlomo, amene anatambasula manja onse awiri akundiona. Ndisanadziwe chochita anali atandikumbatira kale, n'kundipsompsona tsaya ili ndi ili. Mwamuna mnzanga. Fungo la adyo ndi utsi. Kumbuyo kwanga kunatulukira mayi wa mandasi uja akuvula epuloni, akupukuta manja.

"Adadi, awa ndi bambo ake. Awa ndi mayi ake."

Ndinayang'ana mwana wanga. Dzanja lake linali litatuluka m'thumba la jasi, ndipo pa chala panali mphete imene pa basi paja panalibe.

Ndinakhala pansi. Bambo uja ankalankhula, ankati anabwera m'dziko muno ali mnyamata kudzatsuka mbale m'malesitilanti, ankati mwana wanga ndi mngelo, amadya bwino, sali ngati atsikana a masiku ano odya masamba okhaokha. Mayi uja ankabweretsa mbale pamwamba pa mbale. Kenako anabweretsa nkhuku yathunthu yootcha, ya mandimu, ili pa mbatata. Bamboyo anapinda malaya, anaigwira ndi manja, anaing'amba pakati. Anachotsa ntchafu n'kuiika pa mbale yanga, ina pa mbale yake. Anakweza tambula.

"Kuyambira lero ndife banja limodzi," anatero. "Idyani, m'bale wanga."

Aliyense amene anakhalapo pa chinkhoswe akudziwa chimene ndinaona pa tebulo paja. Kwathu ukwati umamangidwa ndi nkhuku. Ankhoswe a mbali ziwiri amaing'amba, amagawana, amadya anthu akuona, ndipo zikatero nkhani yatha, palibe angabwerenso kudzati sindinamve. Amene amadya ndi ankhoswe. Bambo wa mwana sakhudza, amakhala poteropo ngati mlendo. Tsono apa nkhuku yang'ambidwa, akuchimuna ali apo, mphete ili pa chala, anthu akujambula ndi mafoni, ndipo pa mpando wa amalume akhazikapo ine. Zithunzi zimenezo madzulo omwewo zikanakhala zili ku Dedza. Ndinamumva mlamu wanga ngati wakhala pambali panga. Mlongo wathu munamukwirira nokha, mwana wathu mwamudyeranso nkhuku nokha.

Ndinaika manja pa miyendo.

Bamboyo anadikira, tambula ili m'mwamba. Anamwa yekha pang'ono, anaseka, anandikankhira mbale pafupi.

"Adadi, idyani," anatero mwana wanga m'Chichewa, motsitsa mawu.

"Unandiuza kuti kuli zakudya."

"Si izi zakudya?"

"Usandiyese mwana. Amalume ako akudziwa?"

"Amalume anandionapo kamodzi moyo wanga wonse. Ndinali ndi matewera."

"Akudziwa kapena sakudziwa?"

"Adadi, chonde. Ndi nkhuku chabe. Anthuwa sadziwa za ankhoswe, kwawo makolo amangokumana n'kudya. Mayiwa ayamba kuphika dzulo. Ingolumani kamodzi, zinazo tikakambirana kunyumba."

"Kuluma kamodzi ndi kudya komwe."

Mayi uja ankatiyang'ana pakamwa, uyu akalankhula, uyu akalankhula. Anafunsa mwana wake kuti chavuta n'chiyani. Mwana wanga anatembenuka n'kumwetulira kumwetulira kwa ku ntchito, nati m'Chingerezi, bambo anga m'mimba simuli bwino lero.

"M'mimba?" anatero mayiyo. "Adya mbale ziwiri za uchi panja paja. Ndawapatsa ndine."

Mayiyo anaimirira, anazungulira tebulo, anadzaima pambali panga. Anatenga foloko yanga, anadula kanyama, anandigwiritsa m'dzanja ngati mmene ine ndimachitira ndi nkhalamba za ku ntchito zikakana kudya.

"Panja chakudya changa chinali chabwino," anatero. "Pano mwadziwa kuti ndine mayi wa uyu, chaipa? Tili ndi chiyani ife? Ndife akuda m'manja?"

Ndinayesa kufotokoza. Mulungu ndi mboni, ndinayesa. Koma Chingerezi changa ndikakwiya chimathawa, chimatsala cha ku ntchito chokha, chofunsira munthu ngati wamwa mankhwala. Ndinati si ine woyenera kudya. Ndinati mwanayu si wanga, ndi wa amalume ake. Ndinaona nkhope ya mnyamata uja ikusintha, ndinaona bambo ake akuyang'ana mwana wanga momumvera chisoni, ndipo ndinadziwa kuti amva zina. Amva kuti ndikumukana.

Mwana wanga naye anamva ndi makutu a kuno.

"Si wanu?" anatero, tsopano m'Chingerezi, mokweza. "Ndine wa ndani? Wa munthu amene sadziwa ngakhale tsiku limene ndinabadwa? Amami akumwalira anali kuti amalumewo? Si inu munkagona pa mpando m'khitchini kuopa kulowa kuchipinda? Ndinkakuphikirani ndine, adadi. Ine. Lero ndakupemphani chinthu chimodzi."

"Wandipempha? Wanditchera msampha! Wandibweretsa pano ngati mbuzi ya pa chingwe, aliyense akudziwa kupatula ine!"

"Ndikanakuuzani mukanabwera?"

Ndinamenya tebulo ndi chikhatho. Sindinaganize, dzanja linangopita lokha. Tambula ya bambo uja inagwa, vinyo anayenderera pa nsalu yoyera mpaka pa diresi yobiriwira ija. Matebulo oyandikana nafe anasiya kudya. Wansembe uja anaima patali, mbale yake ili m'manja. Ana ovina aja sanaime, ankazungulirabe, aphunzitsi awo akuwaombera m'manja.

Mnyamata uja anaimirira n'kuima pakati pa ine ndi mwana wanga. Zimenezo ndi zimene zinandipweteka kuposa zonse. Mwana ameneyu sindinamumenyepo chibadwire. Koma munthu wachilendo anaona kuti ayenera kumuteteza kwa ine, ndipo mwana wangayo sanamukankhe kuti achoke.

Mayi uja anatenga mbale yanga, anapita nayo kukhitchini, anabwera ndi kabokosi kokutira ndi pepala la siliva. Anakaika patsogolo panga osandiyang'ana. Anatenga kansalu n'kugwada kuyamba kupukuta diresi ya mwana wanga, akumulankhula motsitsa m'chinenero chawo, ndipo mwana wanga ankagwedeza mutu ngati akumva. Kapena ankamvadi. Sindinkadziwa kuti wakhala akuphunzira.

Ndinanyamula kabokosi kaja. Sindikudziwa chifukwa chake, mwina manja ankafuna chogwira. Ndinatuluka kudutsa pa matenti paja, utsi uli tolo, anthu ali pa mzere wa nyama ndi maambulera. Mu kasitima kabokosiko kanali kotentha pa miyendo panga, mafuta akudontha pakona n'kudetsa buluku la ku tchalitchi. Mayi wina wachikulire wa konkuno amene anakhala moyang'anana nane anati chikununkhira bwino chimenecho, mwana wanga, kuli phwando kwanu? Ndinati eya.

Mwana wanga sanabwere kunyumba tsiku limenelo. Mawa lake nditachoka ku tchalitchi ndinamuimbira mlamu wanga. Ndinavala jekete ndithu, ndinakhala pa tebulo, ngati ndili pa bwalo. Anayankha ali pa msika, kumbuyo kukumveka njinga zamoto. Tinalonjerana, ndinafunsa za mvula, za odwala. Kenako ndinati, alamu, mbumba yanu kuno yapeza munthu. Akuchimuna anafuna kuti ndidye nawo nkhuku, ine ndakana. Ndati eni ake alipo. Ndiye ndati ndikudziwitseni kuti mutiuze poyambira.

Ndinamva akuuza wina kuti ayi, tomato ameneyo ndi wofewa.

"Alamu, mwati mwana uti?"

"Mwana ndili naye mmodzi."

"Oo, eya, eya. Wakula eti? Mzungu?"

"Mgiriki."

"Aa, zabwino zimenezo. Nanga ife tinganene chiyani kuno? Inu ndi amene muli naye. Za kumeneko mukuzidziwa ndinu. Ingopangani, mudzatitumizire zithunzi."

"Munandiuza kuti ndisadzachite ndekha."

"Ndinatero? Liti?"

"Tsiku la maliro."

"Aa, alamu, pa maliro munthu amalankhula zambiri. Mtima unali ukuwawa. Inu mukusungabe zimenezo?" Anaseka. "Pepani, minibasi yanga ikunyamuka. Mumupatse moni mwanayo."

Ndinakhala pa tebulo paja ndi jekete langa, foni ili m'manja. Ndikanakonda akanandilalatira. Ndinatsegula fuliji, ndinaona kabokosi kaja, ndinatsekanso. Kanakhala mmenemo mpaka kanayamba kununkha, ndipo ndinakataya ku bini ya kuseri osakatsegula.

Ukwati unachitika chaka chotsatira m'tchalitchi chawo chomwe chija. Mkulu wa mpingo wathu wina, wa ku Mulanje, woti si m'bale wathu ngakhale pang'ono, ndiye anavomera kuima ngati nkhoswe. Anapita kwa Agiriki aja kukafotokoza za nkhuku ndi za amalume. Anamulandira bwino, anamudyetsa mpaka anamasula lamba, ndipo anabwera kudzandiuza kuti anthuwo amvetsa. Bamboyo mwina anamvetsadi, pa ukwati anandipsompsonanso. Mayiyo popereka moni anandipatsa nsonga za zala. Ku phwando ndinadya chilichonse chimene chinadutsa patsogolo panga, nkhosa, nkhuku, masamba a mphesa aja amene sindiwakonda n'komwe, ndinadya mpaka thukuta. Palibe amene ankayang'ana.

Ku tchalitchi kwathu nkhaniyi inazungulira. Azibambo ena ankandigwira dzanja panja n'kumati munachita zachimuna, ana a kuno akutitayitsa mwambo. Amayi a chigwirizano ankati ndine nkhalamba youma mtima yochititsa mwana manyazi pa anthu. Onsewo sanali pa tebulo paja, ndipo palibe mmodzi wa iwo amene anaimbiridwapo foni ija ya tsiku la maliro. Ndinasiya kuwayankha.

Mwana wanga amakhala ku Shawlands tsopano, mtunda woti munthu amayenda wapansi. Amabwera Lamulungu masana, sajomba. Amandibweretsera mankhwala a bipi, amaona ngati boyila yotenthetsa nyumba ikugwira ntchito, amandikonzera foni ndikaisokoneza. Amakhala pa mpando wa pafupi ndi chitseko, jasi osavula. Chichewa anasiyiratu, ngakhale pamene akufuna kanthu.

Ine ndimakhala nditaphika. Mpunga, nyemba za kwathu zogula kwa Amwenye a pa kona, nkhuku yokazinga ndi tomato monga ankaphikira mayi ake. Ndimayala tebulo, mbale ziwiri. Ndimamuuza kuti tiye tidye, chakudya chikuzizira. Amayang'ana mbaleyo, amaika manja pa miyendo.

"Ndadya kale, adadi," amatero m'Chingerezi. "Kwa apongozi."

Mkwiyo umabwera ngati kale. Ndimagwira m'mphepete mwa tebulo mpaka udutse. Akapita ndimaika gawo lake m'kabokosi n'kulisunga mu fuliji, ndipo ndi limene ndimatenga ku ntchito Lolemba.